Ufa ndi Umodzi, Koma Phala si Nsima: Ubongo wa Munthu ndi wa Chimpanzi

Pakona ya Biology mwezi uno ndatenga funso limene sililephera kubwera chaka chilichonse tikangofika pa mutu wa genetics ndi evolution. Wina amakweza dzanja n'kufunsa kuti: "Aphunzitsi, akuti DNA ya munthu ndi ya chimpanzi n'zofanana ndi 99 peresenti. Nanga bwanji ife tikulemba MSCE pamene chimpanzi ngakhale dzina lake lomwe sangalembe?"

Funsoli ndi labwino, koma piriyodi imodzi sikwanira kuliyankha. Ena mumangoti nambalayo ndi yabodza. Ena mumati mu 1 peresenti yotsalayo ndi mmene muli majini a nzeru. Ine ndikufuna muone kuti mbali yaikulu ya yankho yagona pa kagwiritsidwe ntchito ka majini amene ife ndi chimpanzi tili nawo tonse. Paja ufa, madzi ndi moto zimene amayi amaphikira phala ndi zomwezo amaphikira nsima. Chimasiyana ndi kuchuluka kwa ufa, nthawi imene authira, ndi nthawi imene mphika ukhala pamoto. Ndipo musaope, majini amene ndikunena pano si aja okatulutsa kwa asing'anga ayi, ndi aja a m'buku la Biology.

TIYAMBE NDI MANAMBALA

Choyamba timudziwe mwini nkhaniyu. Kuno ku Malawi kulibe achimpanzi. Amene amatibera chimanga m'munda ndi anyani ndi apusi, ndipo amenewa ali ndi michira. Chimpanzi alibe mchira. Amakhala m'nkhalango za pakati ndi kumadzulo kwa Africa, ndipo amapezekanso ku Gombe ndi ku Mahale m'dziko la Tanzania, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika. Ku Gombe n'kumene Jane Goodall anayamba kuwaphunzira mu 1960.

Akatswiri a sayansi sanena kuti munthu anabadwa kwa chimpanzi, ndipo mukalemba choncho pa mayeso mwataya malikisi. Amati munthu ndi chimpanzi ali ngati asuweni, ochokera kwa kholo limodzi limene linakhalako zaka pakati pa 6 ndi 7 miliyoni zapitazo. Kuchokera pamenepo, aliyense wakhala akusintha m'njira yake.

DNA ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, zija za A, T, G ndi C. Mu 2005 akatswiri anafalitsa DNA ya chimpanzi, n'kuiika pambali pa ya munthu. M'malo amene ziwirizi zimatha kundanda bwinobwino, zilembo zosiyana zinali 1.2 peresenti yokha, kutanthauza zilembo pafupifupi 35 miliyoni. Mukaphatikizapo zidutswa zimene wina ali nazo koma mnzake alibe, kusiyanako kumafika cha m'ma 4 peresenti. Choncho 99 peresenti ija si yabodza, koma muzidziwa chimene ikuwerengera. Majini opanga mapuloteni tili nawo pafupifupi 20,000, ndipo pafupifupi onse chimpanzi alinso nawo. Mapuloteni 29 pa 100 aliwonse ndi ofanana ndendende mwa ife ndi mwa iye.

Tsopano onani ubongo. Wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4 ndipo uli ndi ma neuron pafupifupi 86 biliyoni. Wa chimpanzi umalemera pafupifupi magalamu 400. Ndiye kuti wathu ndi waukulu kuposa katatu. Zipangizo zofanana chonchi zikutulutsa bwanji zinthu zosiyana chonchi?

Funso limeneli linawavutanso Mary-Claire King ndi Allan Wilson a ku University of California, Berkeley. Mu 1975 anayerekeza mapuloteni a munthu ndi a chimpanzi n'kupeza kuti ndi ofanana ndi pafupifupi 99 peresenti. Iwo anati kusiyana kochepa chonchi sikungafotokoze kusiyana kwa matupi ndi makhalidwe a awiriwa, ndipo anaganiza kuti chinsinsi chili pa zimene zimalamulira majini. Nthawi imeneyo panalibe makina oti n'kuyesera maganizowo mokwanira. Panadutsa zaka zoposa 25.

KODI GENE EXPRESSION N'CHIYANI?

Tonse tikudziwa mmene zimakhalira buku likakhala limodzi kalasi yonse. Silituluka m'laibulale. Amene akulifuna amapita komweko, n'kukopera tsamba limene akufuna m'kope mwake, n'kukagwiritsa ntchito manotsiwo kunja. M'selo zimayendanso choncho. DNA ndiye buku, nucleus ndiye laibulale. Jini ndi tsamba limodzi. Selo likafuna puloteni inayake, limakopera tsambalo, ndipo manotsi okoperawo ndi amene timawatcha mRNA. Manotsi aja amatuluka mu nucleus n'kupita ku ma ribosome, kumene amawerengedwa n'kupanga puloteni. Ntchito yonseyi, kuchokera pa kukopera mpaka pa kupanga puloteni, ndi imene pa Chingerezi amati gene expression. M'nkhani ino ndiziti kuyaka kwa jini.

Pafupifupi selo lililonse m'thupi mwanu lili ndi buku lomwelo. Selo la chiwindi ndi selo la ubongo zili ndi DNA imodzimodzi, koma lina limapanga ndulu, lina limatumiza mauthenga. Chifukwa chake n'chakuti lililonse limakopera masamba ake, ena n'kuwasiya otseka. Chitsanzo china chili m'munda momwemu. Mbozi ndi gulugufe amene imasanduka ali ndi DNA imodzi. Palibe jini latsopano limene lalowa pamene mbozi inadzitsekera. Majini ena azima, ena ayaka, basi, chokwawa chija chayamba kuuluka.

Nanga amayatsa ndi kuzimitsa ndani? M'mbali mwa majini muli zidutswa za DNA zimene sizipanga puloteni koma zimagwira ntchito ngati maswichi. M'mabuku muzipeza ndi mayina akuti promoter ndi enhancer. Palinso mapuloteni otchedwa transcription factor, amene ali ngati zala zodina maswichiwo. Chilembo chimodzi chikasintha pa swichi, puloteni imakhala yomweyo, koma ikhoza kupangidwa yambiri kapena yochepa, pamalo ena, kapena pa nthawi ina. Choncho pa jini lililonse sungani mafunso atatu awa: layaka kwambiri bwanji, layaka pati, ndipo layaka liti?

AMAYEZA BWANJI?

Mukalowa m'kalasi n'kutolera makope onse, mukhoza kudziwa tsamba limene lakoperedwa kwambiri ngakhale simunalowe m'laibulale. Akatswiri amachitanso chimodzimodzi. Amatenga kachidutswa ka ubongo, n'kuchotsamo mRNA yense, n'kuwerenga kuti jini lililonse lili ndi makope angati. Makope ambiri ndiye kuti jinilo layaka kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ankagwiritsa ntchito kagalasi kotchedwa microarray. Masiku ano amawerenga zilembo za RNA mwachindunji, ndipo amatha kutero pa selo limodzilimodzi.

Zidutswa za ubongo zimachokera kwa anthu amene anamwalira ndipo panali chilolezo, komanso kwa achimpanzi amene anafa okha kumalo owasungira. RNA sichedwa kuwonongeka, choncho zidutswazo amaziumitsa msanga m'mafiriji ozizira kwambiri.

Pali vuto lina. Tiyerekeze kuti jini lina lili ndi makope 100 mwa munthu ndi 50 mwa chimpanzi. Wasintha ndani? Mwina munthu ndi amene wakweza, mwinanso chimpanzi ndi amene watsitsa. Awiri akatsutsana pamafunika mboni. Mboni imene amakonda kuitana ndi pusi wa ku Asia wotchedwa rhesus macaque, amene mzere wake unapatukana ndi wathu zaka pafupifupi 25 miliyoni zapitazo kapena kuposa apo. Ngati macaque nayenso ali ndi 50, ndiye kuti mwachidziwikire kholo lija linali ndi 50, ndipo amene wasintha ndi munthu. Ngati macaque ali ndi 100, wasintha ndi chimpanzi. Kaganizidwe kameneka kagwireni, kadzakuthandizani ngakhale kunja kwa Biology.

FUNSO LOYAMBA: LAYAKA KWAMBIRI BWANJI?

Mu 2002, gulu la Wolfgang Enard ndi Svante Pääbo la ku Max Planck Institute mumzinda wa Leipzig ku Germany linayerekeza magazi, chiwindi ndi ubongo wa munthu, chimpanzi ndi macaque. Pääbo ameneyu ndi yemwe uja analandira mphoto ya Nobel mu 2022. M'magazi ndi m'chiwindi, munthu ndi chimpanzi anafanana kuposa mmene aliyense anafananira ndi macaque, ndipo zimenezi n'zimene ankayembekezera kwa asuweni. Koma mu ubongo, chimpanzi anaoneka kuti wayandikira kwa macaque, munthu n'kukhala payekha. Zinaonetsa ngati ubongo wasintha kwambiri kumbali yathu.

Chaka chotsatira, mu 2003, Mario Cáceres ndi anzake ku America anayang'ana cerebral cortex, mbali yakunja yamakwinya ija. Anapeza majini 169 amene amayaka mosiyana mwa munthu ndi mwa chimpanzi. Atafunsa mboni ija, 91 mwa amenewa anapezeka kuti anasintha kumbali ya munthu, ndipo pafupifupi 9 pa 10 aliwonse anali oyaka kwambiri mwa munthu. Mu mtima ndi m'chiwindi sizinali choncho, okwera ndi otsika anali pafupifupi ofanana. Ambiri mwa majini okwerawo ndi okhudza ntchito ya ma neuron ndi mphamvu zimene selo limagwiritsa ntchito. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene tikudziwa kale, kuti ubongo ndi 2 peresenti yokha ya kulemera kwa thupi koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu munthu akangokhala phee.

Kenako mu 2005 gulu la ku Leipzig lija, potsogozedwa ndi Philipp Khaitovich, linayerekeza ziwalo zisanu nthawi imodzi. Linapeza kuti pa ziwalo zonsezo, ubongo ndi umene umasiyana pang'ono kwambiri pakati pa munthu ndi chimpanzi. Chiwindi chimasiyana kuposa ubongo! Mwina mukuti, aa, ndiye akutsutsana okhaokhatu. Ayi, werenganinso bwino. Kafukufuku wa 2005 akuyankha funso lakuti kusiyana konse n'kochuluka bwanji, ndipo yankho ndi lakuti mu ubongo n'kochepa. Wa 2002 ndi 2003 akuyankha lakuti, pa kochepako, wasintha kwambiri ndani. Ubongo ndi chiwalo chosafuna kuseweretsa. Kusintha kwambiri kumene kungachitike mmenemo kumavulaza, choncho sikupitirira ku mibadwo yotsatira. Kochepa kamene kanapulumuka n'kamene tikukasakasaka.

FUNSO LACHIWIRI: LAYAKA PATI?

Mu 2017 gulu la Nenad Sestan la ku Yale University linayeza zigawo 16 za ubongo wa munthu, chimpanzi ndi macaque. Ambiri ankayembekezera kuti kusiyana kwakukulu kupezeka kutsogolo, kuseri kwa chipumi, kumene timaganizira. Koma chigawo chimene chinaonetsa kusiyana kochuluka kumbali ya munthu chinali striatum, chimene chili mkati ndipo chimathandiza pa kayendetsedwe ka thupi ndi kuphunzira zizolowezi. Anapezanso kuti jini lotchedwa TH, limene limafunika popanga dopamine, limayaka m'maselo ena a cortex ya munthu, koma maselo oterowo sanawapeze mu cortex ya chimpanzi kapena ya gorila. Jinilo onse ali nalo. Chasiyana ndi malo amene layaka.

Mu 2023 akatswiri a ku Allen Institute mumzinda wa Seattle anawerenga maselo limodzilimodzi kuchokera pa chigawo chimodzi cha cortex ya munthu, chimpanzi, gorila, macaque ndi kapusi kakang'ono ka ku South America kotchedwa marmoset. Mitundu ikuluikulu ya maselo inapezeka mwa onse asanu. Palibe mtundu waukulu wa selo umene unali wa munthu yekha. Koma pa kayakidwe ka majini, ma neuron a chimpanzi anafanana kwambiri ndi a gorila kuposa a munthu, chonsecho chimpanzi ndi wachibale wapafupi wa munthu kuposa wa gorila. Majini amene anayaka mwa njira ya munthu yekha anali mazana ochepa chabe, ndipo ambiri anali okhudza kalumikizidwe ka ma neuron.

FUNSO LACHITATU: LAYAKA LITI?

Kwa ine, apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni. Ma neuron amalankhulana kudzera pa malo olumikizirana otchedwa ma synapse, ndipo kuphunzira kulikonse kumadalira kumanga ndi kukonza ma synapse amenewa. Mu 2012, Xiling Liu ndi Khaitovich, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku Shanghai m'dziko la China, anayeza ubongo wa anthu, achimpanzi ndi ma macaque a misinkhu yosiyanasiyana, kuyambira makanda mpaka okalamba. Anayang'ana prefrontal cortex, chigawo cha kuseri kwa chipumi chimene chimatithandiza kukonza mapulani ndi kudziletsa. Anapeza gulu la majini omanga ma synapse. Mwa chimpanzi ndi macaque, majini amenewa amafika pachimake mwana asanakwanitse chaka chimodzi, kenako n'kuyamba kutsika. Mwa munthu amapitirirabe kukwera mpaka cha m'ma zaka 5.

Taganizani zimenezo. Majini ndi omwewo, ntchito yake ndi yomweyo. Koma mwana wa chimpanzi amatseka ntchito yomangayo asanasiye n'kuyamwa komwe, pamene mwana wa munthu amakhala akumangabe mpaka nthawi yoyandikira kuyamba Sitandade 1. Zaka zonsezo akumva chinenero, akuonera akuluakulu, akufunsa mafunso osatha aja, ndipo zonsezo zikulowa m'kamangidwe ka ubongo wake. Mphika wa munthu umakhalitsa pamoto.

Mu 2019 gulu lina la ku Leipzig, la Barbara Treutlein ndi Gray Camp, linaona kuchedwa komweku m'njira ina. Anatenga maselo a munthu, a chimpanzi ndi a macaque, n'kuwabweza kuti akhale ma stem cell, kenako n'kuwalera m'mbale za mu labotale mpaka anapanga timibulu ta minofu ya ubongo tosaposa njere ya nandolo. Timibulu timeneti amati ma organoid. Sitiganiza ayi, koma timatsanzira mmene ubongo umayambira kukula m'mimba. Ngakhale ankatilera mofanana, ma neuron a munthu ankakhwima mochedwa kuposa a chimpanzi ndi a macaque. Ndiye kuti kuchedwako sikuchokera ku chakudya kapena kaleredwe, kunalembedwa m'maselo momwemo. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

MASWICHI ENIENIWO ALI KUTI?

Mu 2006 Katherine Pollard, ali ku University of California, Santa Cruz, anagwiritsa ntchito kompyuta kusaka zidutswa za DNA zimene zakhala zosasintha mwa nyama zambiri koma zinasintha mofulumira mwa munthu. Chimene chinatsogola anachitcha HAR1. Chili ndi zilembo 118. Pakati pa chimpanzi ndi nkhuku, zimene mizere yake inapatukana zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, zilembo zosiyana ndi 2 zokha. Pakati pa chimpanzi ndi munthu ndi 18. HAR1 sipanga puloteni, ndipo imayaka mu cortex ya mwana wosabadwa kuyambira sabata ya 7 mpaka ya 19 ya pakati. Zidutswa zambiri za mtundu umenewu zimene zapezeka pambuyo pake sizipanganso mapuloteni, ndipo zambiri mwa izo ndi maswichi a majini ena.

Zala zodina maswichi nazonso zinasintha. Mu 2001 akatswiri a ku Oxford anapeza kuti m'banja lina la ku London, limene pafupifupi theka la anthu ake ankavutika kutchula mawu bwinobwino, jini lotchedwa FOXP2 linali lowonongeka. Puloteni ya FOXP2 ndi transcription factor. Ili ndi ma amino acid 715, ndipo ya munthu imasiyana ndi ya chimpanzi pa 2 okha. Mu 2009 Genevieve Konopka ndi Daniel Geschwind a ku Los Angeles anaika FOXP2 ya munthu m'maselo ena, ya chimpanzi m'maselo ena ofanana nawo. Majini 116 anayaka mosiyana. Ma amino acid 2 agwedeza majini oposa 100. Koma musamalitche jini la chilankhulo, chifukwa mbewa ndi mbalame nazonso zili ndi FOXP2, koma simunamvepo mbewa ikupereka moni.

Kunena zoona, majini atsopano aliponso, ngakhale ndi ochepa. Limodzi ndi ARHGAP11B, limene limapezeka mwa anthu koma chimpanzi alibe. Limachulukitsa maselo amene amabala ma neuron. Mu 2020 gulu la Wieland Huttner la ku Dresden, mogwirizana ndi akatswiri a ku Japan, linaliika mwa ana osabadwa a marmoset, ndipo cortex yawo inakula n'kuyamba kuchita makwinya. Anaimitsa kafukufukuyo anawo asanabadwe, poganizira kuti sikukanakhala koyenera kubweretsa padziko nyama imene sakudziwa kuti ikhala yotani. Choncho m'phala muja nthawi zina mumalowanso nsinjiro, koma ufa ukadali womwewo.

MUSAMEZE ZONSE OSATAFUNA

Wophunzira sayansi ayenera kudziwanso pofooka pa kafukufuku. Choyamba, ubongo wa chimpanzi ndi wosowa, choncho kafukufuku wambiri amakhala ndi anthu ndi nyama zowerengeka, nthawi zina zitatu, nthawi zina zisanu. Chachiwiri, kuyaka kwa majini kumasintha ndi msinkhu, matenda, chimene chinapha munthuyo, ngakhalenso chakudya. Mu 2008 akatswiri a ku Leipzig anadyetsa mbewa zina chakudya cha anthu, zina chakudya chimene amapatsa achimpanzi, kwa masabata awiri. M'chiwindi cha mbewazo majini ambiri anayaka mosiyana, pamene mu ubongo kusinthako kunali kochepa. Phunziro lake n'lakuti kusiyana kwina kumene timakuona kumachokera m'mbale, osati mu DNA. Chachitatu, kupeza kuti jini limayaka mosiyana sikutanthauza kuti ndi limene limatipatsa nzeru. Kusiyana kwambiri kumangochitika popanda phindu kapena vuto lililonse.

Chinanso ndi ichi. Kafukufuku ameneyu akuyerekeza munthu ndi nyama zina, sakuyerekeza mitundu ya anthu. Anthu awiri alionse padziko lapansi amafanana ndi pafupifupi 99.9 peresenti pa zilembo za DNA. Ma amino acid 2 aja a FOXP2 ndi ARHGAP11B yomwe ija ali nazo mwana wa ku Nsanje, wa ku Tokyo ndi wa ku Oslo. Wina akadzakuuzani kuti sayansi inati mtundu wina wa anthu uli pafupi ndi anyani, ameneyo sanawerenge.

NANGA IFE ZIKUTIKHUDZA BWANJI?

Ubongo wochedwa kupsa uli ndi mtengo wake. Mu 2014 Christopher Kuzawa ndi anzake anawerengera kuti mwana wa zaka pafupifupi 5 ubongo wake umadya mphamvu zoposa 40 peresenti ya zonse zimene thupi lake limagwiritsa ntchito pa tsiku, ndipo nthawi yomweyo ndi imene thupi limakula pang'onopang'ono kwambiri. Kamng'ono kanu kaja kakamalirira phala m'mawa, si dyera lokha ayi, pali ntchito yomanga imene ikuchitika. M'mera m'poyamba.

Mchere wa iodine umene timauzidwa kuti tizigula ukulowanso m'nkhani yomweyi. Thupi limagwiritsa ntchito iodine popanga thyroxine. Homoni imeneyi ikalowa m'selo, imathandiza kuyatsa majini ofunika pa kukula kwa ubongo. Mayi woyembekezera akasowa iodine kwambiri, mwana amabadwa ndi majini ake onse bwinobwino, koma ena sanayake pa nthawi yake, ndipo ubongo wake umavutika moyo wonse.

Inunso simunapse. Prefrontal cortex imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mowa ndi chamba pa msinkhu wanuwu zimagwera pa nyumba imene amisiri akadali padenga. Koma kusapsa komweko ndi mwayi wanu. Eric Kandel, amene analandira Nobel mu 2000, anaonetsa pa nkhono ya m'nyanja yotchedwa Aplysia kuti kukumbukira kwa kanthawi kochepa sikufuna mapuloteni atsopano, koma kukumbukira kokhalitsa kumafuna kuti majini ayake, mapuloteni apangidwe, ma synapse atsopano amere. Ndipo zimenezi zimachitika bwino chinthu chikabwerezedwa kangapo mopumira. Ndiye inu amene mumadikira usiku wa mayeso n'kuviika miyendo m'madzi ozizira kuti mumalize buku lonse, mukupempha maselo anu kuti amange nyumba usiku umodzi. Werengani pang'ono lero, mubwereze mawa, mubwerezenso sabata yamawa, ndipo muzigona mokwanira.

DZIYESENI NOKHA

1. Selo la chiwindi ndi selo la ubongo zili ndi DNA yofanana. Fotokozani chifukwa chake zimagwira ntchito zosiyana.

2. Jini lina lili ndi makope 30 a mRNA mwa munthu, 90 mwa chimpanzi ndi 30 mwa macaque. Kusintha kunachitika kumbali ya ndani? Mwadziwa bwanji?

3. Kafukufuku wa 2002 ndi wa 2005 akuoneka ngati akutsutsana. Sonyezani kuti onse akhoza kukhala oona.

4. Tchulani ubwino umodzi ndi vuto limodzi la ubongo umene umakhwima mochedwa.

5. Pezani chamoyo china cha kwanu kuno, kupatula mbozi ndi gulugufe, chimene chimasintha maonekedwe kwambiri DNA yake ili yomweyo.

Mayankho mulembe papepala, musaiwale dzina ndi kalasi, ndipo muwapereke kwa mkonzi wa magazini ino lisanafike Lachisanu la sabata yamawa. Atatu abwino kwambiri tidzawamata pakhoma pompano mwezi wamawa. Chonde pepala lino musalimatule, anzanu a Fomu 3 sanawerenge.